Kumanja Kwanu Kapena Kwanga?

Ndine namwino, ndipo ntchito yanga ndimaidziwa. Zaka zonse zomwe ndagwira pachipatala ku Wolverhampton sindinalembepo nambala yabodza papepala la wodwala. Magazi akathamanga ndimalemba kuti athamanga, ngakhale wodwalayo andinyengerere chotani kuti akufuna kutuluka. Anzanga amati ndine wouma mutu, ine ndimangoti zikomo. Koma tsiku lina Lamulungu masana, m'nyumba mwanga momwe ku Bilston, ndinabera mayeso a maso a amuna anga, ndipo ndinabera ndi chala changa ichi.

Amuna anga kwathu anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale, munthu woti akatsokomola pakhonde kalasi yonse imati zii. Ine ndinatsogola kubwera kuno, iwo anatsatira pambuyo, ndipo ntchito yomwe anapeza inali yoyendetsa vani yogawa maphukusi kuchokera kunyumba yosungiramo katundu ku Oldbury. Sanadandaulepo, koma ndinkaona mmene ankasitira yunifolomu ya vaniyo ngati akukakumana ndi oyendera sukulu. Kumpingo kwathu kwa Amalawi ndi mkulu wa mpingo, ndipo mpaka lero anthu amawatcha ahedi. Dzina limenelo ndi lomwe linawatsalira pa zonse zomwe anasiya kumudzi.

Kuti maso awo ayamba kufooka ndinazindikira kale. Baibulo ankawerenga bwinobwino, vuto linali la patali. Kutchalitchi mawu a nyimbo amaonetsedwa pakhoma, ndipo ikakhala nyimbo yakale ankaimba mokweza kuposa tonse, koma ikakhala yatsopano ankangong'ung'udza ali tsinzi ngati munthu wozama m'pemphero. Tikaima podikira basi ankayang'ana foni mpaka ine nditanena kuti yathu ndi imeneyo. Tikakhala m'galimoto ndinkawerenga zikwangwani mokweza ngati ndikungodziyankhulira. Palibe anandipempha kuti ndizitero, ndipo ndinkazitcha kuthandizana kwa m'banja.

Ndinayesapo kuwauza kuti apite kwa optishani, woyeza maso uja wa m'tauni. Anali ndi zifukwa zokwana thumba. Kuyezetsa n'kolipira, magalasi ndiye osanena, ndipo tsiku lomwe sunagwire ntchito palibe amakulipira. Koma chifukwa chenicheni chinali mphekesera yomwe imayenda pakati pa azibambo oyendetsa magalimoto, yoti ukangokhala pampando wa optishani dzina lako lafika kale kwa olanda malayisensi. Ndinawafotokozera kuti sizophweka choncho, kuti anthu ambiri amangopatsidwa magalasi n'kubwerera pamsewu. Anandiyankha kuti, "Mayi, maso awa ndakhala nawo nthawi yaitali kuposa inu." Unamwino wanga umathera pageti.

Kenaka kunabwera mlamu wanga, mlongo wawo wamng'ono wa amuna anga. Anafika chaka chomwecho pa ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo ankakhala m'chipinda cha lendi kufupi ndi msika. Ndi mayi wa ana awiri, wochangamuka, koma pamaso pa achimwene ake amasanduka kamwana, chifukwa ndi iwo anamulera bambo awo atamwalira. Ntchito yake inalibe tsiku lopuma lodziwika, ndiye mutu utayamba kumuwawa anafufuza pafoni n'kupeza mayeso a maso a pa intaneti. Anadziyeza yekha ali m'chipinda chake, mayesowo anamuuza kuti akaonane ndi optishani, anapita, ndipo anabwera kutchalitchi atavala magalasi a felemu yofiira akuwala ngati mkwatibwi.

Tsiku limenelo pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero nkhani inali yomweyo. Mayi wina wa ku Zambia anati foni singaone diso la munthu poti iyo ilibe diso, wina n'kumufunsa kuti nanga kamera ija ndi mphuno. Bambo wina anati zaulere zimakhala ndi mbedza, lero akuyeza maso mawa akugulitsa dzina lako. Amayi ambiri anazikonda chifukwa sufunika kupempha tchuthi kwa bwana kapena kukwera thiramu, kasitima koyenda m'tauni kaja. Ine ndinanena maganizo anga monga namwino, ndipo sindinawasinthe: mayeso amenewa ndi abwino pomudzutsa munthu, amakuuza ngati ukuona bwino kapena ayi, koma sayang'ana m'kati mwa diso momwe matenda ena amabisala. Azibambo nawo ndinaona kuti akumvetsera. Chomwe chinawakopa n'chakuti palibe mlendo amene angakuone ukulephera.

Masana ake mlamu anabwera kudzadya kwathu. Titatha kudya anati, "Achimwene, tangoyesani. Ndi free, ma-minutes ochepa basi, palibenso kubukitsa apointimenti."

Ndinkayembekeza kuti akana. Koma anali atadya bwino, ndipo sakanafuna kuoneka amantha pamaso pa mwana amene anamulera. Anati, "Bweretsani, tione nzeru za azungu."

Mayesowo ankafuna zinthu ziwiri, laputopu yoonetsa zithunzi ndi foni yoyankhira. Munthu amaima patali ndithu ndi laputopu, ndipo nyumba zathu zino n'zopanikizika, ndiye tinaika laputopu patebulo pabalaza, iwo n'kukaima pakhomo la kukhitchini. Pa sikirini pamabwera kamphete kodukiza mbali imodzi, konga chilembo cha C, ndipo umanena komwe kwayang'ana pakamwa pake: m'mwamba, pansi, kumanja kapena kumanzere. Ukakhoza, kamphete kotsatira kamachepa. Amuna anga anaphimba diso limodzi ndi chikhatho, nayang'ana foni ija, n'kundipatsira. "Mayi, inu muzidina, ine ndizinena." Sanazolowere kulemba okha pamene pali wina woti n'kuwalembera.

Ndinaima pambali pa laputopu, nkhope yanga itayang'ana kwa iwo. Mlamu anakhala pamasitepe, pomwe ankaona achimwene ake koma osaona sikirini. Timphete toyamba tinali tikulutikulu, ndipo anatikhoza ndi mawu a pa asembule. Kachinayi kanachepa. Anatsinzinira pang'ono. Kachisanu anakayang'anitsitsa, kenaka anati, "Kumanja."

Kanali kayang'ana kumanzere. Ine ndinali pafupi, ndinkakaona bwinobwino.

Ndinayang'ana mlamu. Anali atagwira chibwano, akumwetulira, maso ali pa achimwene ake ngati akuonera munthu akulandira mendulo. Pamenepo m'kamwa mwanga munatuluka funso lomwe sindinalikonze: "Kumanja kwanu kapena kwanga?"

Amuna anga si opusa. Anazengereza kamphindi, n'kunena kuti, "Kwanu."

Poti tinali titayang'anizana, kumanja kwanga kunali kumanzere kwawo. Ndinadina kumanzere, ndipo ndinadziuza kuti sindinaname, tangosiyana poima. Kotsatira ndinafunsanso chimodzimodzi, iwo n'kuyankha chimodzimodzi. Mlamu anaseka, akuti alamu inu mukuwasokoneza achimwene. Kenaka kanabwera kamphete kakang'onong'ono koyang'ana m'mwamba, iwo anati, "Pansi." M'mwamba mulibe mwanu kapena mwanga. Ndinalibe pobisala, ndipo chala changa chinadina m'mwamba popanda kufunsa aliyense. Kuyambira pamenepo ndinasiya kumvetsera zomwe ankanena, ndinkangoyang'ana sikirini n'kumadina zoona. Diso lachiwiri ndinatero kuyambira pakati mpaka kumapeto. Kunena mwachilungamo, omwe anayezedwa tsiku limenelo anali maso anga.

Zotsatira zinabwera zobiriwira. Zinati akuona bwino, ngakhale pansi pake panali mawu olangiza kuti munthu aziyezetsabe kwa optishani nthawi ndi nthawi. Mawu apansiwo sanawawerenge. Anawomba m'manja kamodzi, nati, "Mwaona? Choko sichinandithe maso ine!" Mlamu anaimba nthungululu yaing'ono kuopa aneba. Ine ndinanyamula mbale kupita nazo kukhitchini.

Ndikudziwa komwe chala chija chinaphunzira zimenezi. Ndisanakwatiwe, amayi a kumpingo anandikhazika pamphasa n'kundilangiza usana wonse, ndipo pa zonse zomwe ananena chimodzi chinandilowa m'mafupa: mwamuna sayalutsidwa pagulu, akalakwitsa umakakonza kuchipinda. Langizo limenelo landithandiza kambiri, sindilinyoza. Ndinali ndi mtima wokakonza kuchipinda madzulo omwewo. Koma titalowa anali akuimba, ndipo panali patapita nthawi yaitali ndisanawamve akuimba okha m'nyumba. Ndinati ndinena mawa. Mawa ndinali pa shifiti yaitali, mkuja iwo anabwera atatopa. Sabata inatha.

M'mawa uliwonse ankatuluka kukayendetsa vani, ine n'kumadziwa zomwe ndikudziwa. Kale ndinkangokayikira, ndipo kukayikira kumalola munthu kugona. Tsopano ndinali nditaona ndi maso anga kukula kwa kamphete komwe sankakaona. Ambulansi ikalira panja pa chipatala mtima unkangoti phaa. Ndinkadziwiringula kuti misewu ya vaniyo anailoweza, amayenda pang'onopang'ono, sanagundepo ngakhale mphaka. Ndinali ndi mantha, komanso ndinkadzinyansa.

Lamulungu lotsatira mlembi wa mpingo analengeza kuti Loweruka amayi apita kumsonkhano ku Birmingham, minibasi yabwerekedwa kale, koma bambo amene amayendetsa nthawi zonse wapatsidwa shifiti. Anafunsa ngati pali wina wa layisensi yoyenera. Amuna anga anaimirira, nakonza jekete. "Ndiyendetsa ine. Ndipo musade nkhawa, maso ndayezetsa sabata yathayi, ali ngati a mnyamata." Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Mayi wa ku Zambia uja anati basi nayenso akayesa za pafonizo, poti ahedi azivomereza.

Ndinakhala pabenchi paja ndikuwerenga mitu ya amayi omwe anali patsogolo panga. Inali nyengo yomwe dzuwa limalowa anthu asanaweruke, kunja kukungonyowa tsiku ndi tsiku. Pobwerera kukanakhala kutada, pamsewu waukulu wa mizere yambiri womwe iwo sanauzolowere, magetsi a magalimoto akuthwanima pagalasi lonyowa. Ndinayamba kuganiza zokhala kutsogolo kuti ndiziwawerengera zikwangwani, ndipo nditadzigwira ndikuganiza zimenezo ndinadziwa kuti ndafika pamisala. Zikwangwani ndingawerenge, koma mabuleki sindingawapondere.

Lachinayi ndinaweruka msanga. Ndinaika laputopu patebulo pomwe paja, n'kudikira. Atalowa, asanavule nsapato, ndinati, "Bambo, tibwereze mayeso aja."

"Chalakwika n'chiyani? Satifiketi ndinalandira kale."

"Tibwereze basi. Mundikhululukire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakaima pakhomo la kukhitchini. Ulendo uno sindinaime pafupi ndi laputopu. Ndinakaima pambali pawo, phewa ndi phewa, kuti tonse tiyang'ane kumodzi, ndipo ndinadina chilichonse chomwe ananena. Sizinatenge nthawi, timphete sitinachepe n'komwe kwambiri. Zotsatira zinati akaonane ndi optishani posachedwa, ndipo ngati amayendetsa galimoto asazengereze.

Anati, "Makina awa ndi openga. Tsiku lija anena zina, lero zina. N'zomwe ndimakanira zinthu za pa intaneti."

Likanakhala khomo labwino lothawira, ndipo ndinaliona lili pululu. Koma ndinati, "Makina sananame, bambo. Ndinanama ndine. Tsiku lija munkalakwa, ine ndinkadina zolondola."

Ndinayembekeza ukali, ndipo ndinali nditaukonzekera, poti nanenso pakamwa ndili napo. Sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala, nayamba kumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono. Atamasula imodzi anafunsa, osandiyang'ana, "Zina zomwe mumandidinira ndi ziti?"

Funso limenelo linandipweteka kuposa kukalipa. Ndinawauza zonse, za manambala a basi, za zikwangwani, za mmene ndimayambira msanga mzere wa nyimbo yatsopano kuti iwo atsatire, za tsiku lomwe ndinapatsa moni mokweza bambo wina ali kutsidya kwa msewu n'cholinga choti iwo amve dzina. Ankangogwedeza mutu ngati akumvetsera lipoti la mphunzitsi wamng'ono. Nditamaliza anamanganso nsapato ija, naika makiyi a galimoto patebulo, n'kutuluka wapansi. Anabwera chakudya chitazizira, anadya, ndipo sitinayankhulane zambiri.

Lachisanu m'mawa ndinawamva ali pafoni ndi bwana wawo, akunena m'Chingerezi chawo cha mugalamala kuti sayendetsa mpaka atayezetsa maso. Kenaka anaimbira optishani, amene anawapatsa tsiku la sabata yotsatira. Anaimbiranso bambo wina wa ku Zambia wa mumpingo mwathu, n'kumupempha kuti ayendetse minibasi.

Za kwa optishani ndinene pano kuti ndithane nazo. Anawapeza kuti akufunika magalasi oonera patali, ndipo m'diso limodzi munali mutayamba ng'ala, yomwe akuiyang'anira mpaka lero. Chimenecho foni sikanachiona. Ndalama zinatuluka, za magalasi ndi za masiku omwe sanagwire ntchito, ndipo mwezi umenewo tinaumva. Layisensi palibe anailanda. Anabwerera pa vani atavala magalasi, ndipo tsopano ndi iwo amene amawerenga zikwangwani mokweza, mwina pondibwezera. Anthu akandifunsa ngati mayeso a pa intaneti ndi odalirika, ndimati ayeseni, ndi aulere ndipo angakutumizeni komwe mukuzengereza kupita, koma foni muigwire nokha.

Chomwe chimandikhalabe pamtima ndi Loweruka lija. M'mawa tikuvala ndinawauza kuti palibe chifukwa chofotokozera gulu, tingonena kuti msana wawavuta, poti aliyense amadziwa kuti maphukusi amathyola msana. Anandiyang'ana pagalasi akumanga taye. "Mwayambanso, mayi?"

Tinapita pa basi. Pabwalo la tchalitchi amayi anali atasonkhana kale m'mayunifolomu awo, majekete pamwamba, mabeseni a zakudya ali pansi. Ataona bambo wa ku Zambia ali pachiwongolero anayamba kufunsana. Amuna anga anaima kutsogolo kwa minibasi, manja kumbuyo monga ankaimira pa asembule, ndipo phokoso linatha lokha.

"Amayi, pepani. Ndinalonjeza kuti ndikuyendetsani, koma sinditero. Maso anga saona bwino patali. Ndakhala ndikudziwa kwa nthawi ndithu, koma ndinkabisa chifukwa cha manyazi. Sindingaike miyoyo yanu pa manyazi anga."

Ndinayang'ana nkhope za amayiwo kufuna kuona chomwe ndakhala ndikuchiopa zaka zonsezi. Sindinachione. Wina anati, "Ambuye akudalitseni, ahedi." Wina anati amuna ake nawonso akufunika kumva zimenezi. Wina anali atayamba kale kukweza beseni lake. Munthu amene ndinkamutchinjiriza ngati dzira anaima pagulu, nanena kufooka kwake ndi pakamwa pake, ndipo anthu anapitiriza kumutcha ahedi. Ndinachita manyazi kuti ndinkawachepetsa chotero.

Koma mlamu wanga sanakhutire. Anasendeza magalasi ake ofiira, nati mokweza, "Koma achimwene, test ija munakhoza. Ndinalipo ine, inatuluka green. Ndiye kuti zinthu zimenezi n'zabodza?"

Amayi onse anatembenuka, ndipo ena anayang'ana ine, poti ndine namwino ndipo ndine ndinaziyamikira pa tiyi paja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma amuna anga ananditsogolera.

"Ayi, mayesowo ndi abwino, kayeseni nonse. Ndinabera ine. Ndinkasuzumira ndi diso lomwe ndinaphimba, ndiponso ndinasendera kutsogolo inu musakuona. Mphunzitsi akafuna kubera, simungamugwire."

Amayi anafa nacho chiseko. Mlamu anagwira pakamwa, akuti achimwene inu, ndi ukulu wanuwu. Iwo anaseka nawo, ndipo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Ndinaima pamenepo nditaphimbidwa ndi bodza la amuna anga, ndipo kanali koyamba kumva mmene zimakhalira. Zimakoma, ndipo zimakuchepetsa. Ndikanatha kunena kuti si zoona, kuti wobera ndine, mawu anali pakamwa penipeni. Sindinanene. Ndinanyamula beseni langa n'kukwera minibasi, iwo anatsala pabwalo akutibayibitsa, ndipo mlamu wanga anakhala pambali panga njira yonse akundiuza kuti ndine mkazi wopirira pokhala ndi mwamuna wachinyengo chotere.